Chomoliya wa Amake a Teresa

Ku Ndake mukafunsa za Teresa Zuze, anthu sakuuzani kumene amakhala, amakuuzani kumene amuona. Wina anena kuti wadutsa m'mamawa ndi makeni awiri othirira kulowera kudimba, wina ati ayi, ali kumsewu akudikira galimoto ya ku Nyimba, wachitatu alumbira kuti wangomusiya kuchigayo. Onse atatu amakhala akunena zoona. Mayiyu ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, ndi wamfupi, woonda, ndipo amayenda ngati wasiya ndiwo pamoto. Kutchalitchi amakhala pabenchi ya kufupi ndi khomo. Anzake amati ali ndi mapazi oyabwa, iye sakana.

Anafika m'Zambia ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, atagwira nsonga ya chitenje cha amake, a Luwiza. Za ulendowo amakumbukira zochepa: minga, ludzu, ndi kansanza konyowa kamene amake anakamangirira m'chiuno. Akapeza madzi, a Luwiza ankayamba anyowetsa kansanzako, kenako n'kumwetsa mwana. Teresa anatenga zaka kuti awakhululukire pa zimenezi. M'kansanzamo munali mphukira zisanu za ndiwo ya masamba imene kwawo ankaitcha kove, kuno amati chomoliya. Zitatu zinafera m'njira. Ziwiri zinafika kumalo a othawa nkhondo ku Petauke, ndipo zinagwira.

Amene salima ndiwo angadabwe kuti bwanji osangonyamula njere. Chomoliya wa mtundu umenewu sabala njere. Njere za repu, chainizi, matimati ndi anyezi mutha kuzitsekera m'kabotolo n'kuziiwala mpaka chaka chamawa, koma uyu ayi. Amatulutsa timphukira m'mbali mwa tsinde, munthu n'kuthyola kamodzi, n'kukazika m'dothi lonyowa. Ndiye kuti mbewu yake iyenera kukhala yamoyo tsiku lililonse, chilimwe ndi dzinja lomwe. Mukamulekerera mwezi umodzi, mtundu wonse watha. Wa a Luwiza anali wosiyana ndi wa pamsika. Masamba ake anali otakata, a mitsempha yofiirira, osawawa ngakhale dzuwa liwombe bwanji, ndipo sankachedwa kupsa mumphika.

Nkhondo itatha ambiri anabwerera kwawo. A Luwiza anati kumeneko kwatsala manda okha, iwo sapita. Teresa atakula anakwatiwa ku Kalindawalo ndi Edmond Nyendwa, mlimi wa thonje, ndipo amake anamutsatira pamodzi ndi chomoliya wawo, n'kumubzala m'mphepete mwa dambo. Edmond sanali munthu woipa. Sankamwa, sankamenya, sankakweza mawu. Koma ankatha kukhala masana onse pansi pa mtengo wa mango akusema mpini umodzi wa khasu, ndipo Teresa akamuyang'ana ankalephera kupirira, n'kuchokapo. Ana sanabwere. A Luwiza atamwalira, Teresa anadikira kuti anthu a pamaliro abalalike, anapirira mwezi umodzi, kenako m'mawa wina mwamuna wake ali kumunda anathyola mphukira zinayi n'kunyamuka. Sanasiye mawu kwa aliyense.

Kuyambira pamenepo moyo wake unali wa chikwama. Anagulitsa nsomba zouma pa mlatho wa Luangwa mpaka fungo linamukola. Anakwatiwanso ku Luembe, banja la miyezi isanu ndi itatu limene iye mwini salitchula. Anagulitsa nthochi pamsewu ku Nyimba, akuthamangira mabasi ndi beseni pamutu. Paliponse ankayamba bwino, anthu n'kumukonda chifukwa ntchito amaidziwa, kenako tsiku lina wina amulankhula mawu okhota, kapena osamulankhula n'komwe, mapazi aja n'kuyamba kuyabwa. Chimene sankasiya ndi chomoliya. Wamera m'beseni lobooka, m'thumba la feteleza, kuseri kwa nyumba za lendi zosawerengeka.

Apa tinene chilungamo, Teresa pa mbewu imeneyi anali wouma manja. Masamba ankapatsa aliyense, mtolo wonse ngati pali odwala kapena maliro. Koma mphukira, ngakhale kamodzi, ayi. Ankati ndi ya amayi ake, inadutsa malire m'chiuno mwawo, si ya aliyense. Ndipo akamasamuka ankathyola zake n'kuzula mitengo yonse yotsala, kuti wobwera pambuyo asapezepo kanthu. Ndi khalidwe loipa limenelo, ndipo anthu ankamuuza, koma iye ankangoseka n'kumanga katundu.

Ku Ndake anafika zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo n'kumene wakhalitsa kuposa kwina konse. Chinamugwira ndi dimba la gulu. Lili m'mbali mwa kamtsinje kouma, lotchingidwa ndi waya ndi minga, lili ndi chitsime chimodzi ndi anthu makumi awiri ndi atatu, ambiri mwa iwo amayi. Aliyense ali ndi mabedi ake anayi. Teresa anapatsidwa a pakona, kutali ndi chitsime, amene ena ankawakana, ndipo iye anakondwa chifukwa kutalika kwa njira kunkamupatsa poyendera.

Dimba limamuyenera munthu wosakhazikika, chifukwa nalonso silikhala chimodzimodzi. Mvula ikangotha mu Epulo, anthu amalowa ndi makasu kukweza mabedi ndi kuthira manyowa a mbuzi. Juni ndi Julaye ndiyo miyezi yokoma. Madzi a pachitsime amaluma zala m'mawa, koma repu ndi chainizi zimanona mpaka kutsekereza tinjira, ndipo amayi amatuluka ndi mitolo pamutu kupita kumsewu akuseka. Teresa miyezi imeneyo amakhala munthu wina, amaimba ngakhale. Kenako imabwera mphepo ya Ogasiti yogwetsa mitengo ya matimati, anthu n'kumakhalira kumanga ndi kumanganso. Seputembala akafika, tchire lonse lauma, mbuzi za m'mudzi zimazungulira mpanda ngati zili pa ntchito yolipidwa. Okutobala ndiye mwezi wa mikangano. Chitsime chimatsika, chingwe amachilumikiza ndi nsanza, kuthirira kumakhala kwa mzere, ndipo amayi amene ankadyera limodzi mbatata mu Juni amayamba kuwerengerana makeni.

Gululi lili ndi lamulo limodzi losakambirana, tsiku lozula. Loweruka lomaliza la Okutobala amazula chilichonse chotsala m'mabedi, kuunjika, kutentha, n'kutseka chipata masabata awiri. Amatero kuti nsabwe za m'masamba ndi mbozi zisowe chakudya zife, mvula ikabwera abzale chimanga chachiwisi, maungu ndi therere pamalo oyera. Zaka zisanu zonse bedi limodzi lokha linkapulumuka, la chomoliya wa Teresa, chifukwa palibe amene ankafuna phokoso lake. Mitengo yake inali itatalika kufika m'chiuno, yokhotakhota, yokalamba, itaima yokha pakona pakati pa phulusa.

Chaka chachisanu ndi chimodzi chinali cha chilala. Mvula inadula msanga, kutentha kunayamba Ogasiti asanathe, ndipo nsabwe zinabwera zochuluka moti repu wa gulu lonse anapiringizika masamba asanafike pothyola. Panalibe chifukwa chofufuza kumene zinachokera. Mabedi oyandikana ndi pakona ndiwo anayamba kudwala.

Wapampando wa gulu ndi Jessy Mumba, mayi wamkulu thupi, wolankhula pang'onopang'ono, amene sanathamangepo chibadwire. Pamsonkhano wa pansi pa mtengo wa mkuyu sanatalikitse nkhani. Anapita pakona, anathyola tsamba limodzi la chomoliya, anabwera nalo n'kulitembenuza pamaso pa onse. Kunsi kwake kunali mbuu, nsabwe zokhazokha.

"Amai Zuze, sitikudani," anatero Jessy. "Koma onani mweka. Nsabwe izi zigona kwanu, zidya kwathu. Chaka chino tizula vonse."

Teresa, amene anali ataima kale chifukwa pamsonkhano sakhala pansi, anasendera kutsogolo.

"Ni mbeu ya amai anga iyo."

"Tidziwa. Mumatiuza chaka chilichonse. Koma kutipatsako kamphukila kamodzi chabe, iyai."

Ena anaseka, ena anayang'ana pansi.

"Mukazula, ine nichoka mu gulu," anatero Teresa.

"Kuchoka mungachoke, njila muidziwa kupambana ife tonse," anayankha Jessy mosapsa mtima. "Koma nikupemphani, thyolani mphukila zanu lelo, mukasunge kunyumba. Mvula ikabwela mubweze. Masabata awili chabe."

Jessy sanalakwe, ndipo Teresa pansi pa mtima ankadziwa. N'chifukwa chake zinamupweteka kwambiri. Madzulo a Lachisanu anathyola mphukira khumi ndi ziwiri, zonenepa bwino, anazitsuka ndi madzi a phulusa, n'kuzizika m'matumba atatu odulidwa pakati, odzaza dothi la pachulu ndi manyowa. Matumbawo anawaika kuseri kwa bafa, pamene pamakhala chinyontho. Ntchito imeneyi anali ataichita kambirimbiri, akanatha kuichita atatsinzina.

Loweruka sanapite kudimba. Anaima pakhomo pake n'kumaona utsi ukukwera kuchokera kumtsinje. Ndipo pamene utsiwo unkatha, chinthu chimene anali asanachiganizepo chinamufikira m'maganizo. Nthawi zonse akamazika mphukira, ankazika m'miyezi yozizira, kapena mitengo ikuluikulu ikadali chilili kumbuyo kwake mpaka ana atagwira. Tsopano kunalibe mtengo ngakhale umodzi. Chomoliya yense wa a Luwiza anali timitengo khumi ndi tiwiri topanda mizu, kuseri kwa bafa, kumapeto kwa Okutobala.

A Luwiza ankanena kawirikawiri kuti mphukira ukaizika uithirire, uiphimbe ndi udzu, kenako uipatse msana. Teresa mawu amenewa ankawadziwa ngati dzina lake. Tsiku loyamba anawatsata. Lachiwiri masamba anafota, monga amachitira nthawi zonse mphukira isanagwire, koma iye mtima unali m'mwamba. Anasuntha matumba kupita nawo pamthunzi wa nyumba. Masana anaona kuti pamenepo palibe mphepo, anawabweza. Tsiku lachitatu anagwada, anayang'ana uku ndi uku ngati wakuba, n'kukanda dothi ndi chala kuti aone ngati kamodzi katulutsa mizu. Kanali kasanatulutse. Anakabwezera, n'kukanda kachiwiri.

Munthu wolima ndiwo zaka makumi atatu kuchita zimenezi! Mwana wa sukulu akanachita, akanamukalipira mpaka mudzi wonse kumva. Koma mantha salemekeza luso. Teresa anali yakaliyakali tsiku lonse, kuchoka pakhomo kupita kubafa, kuchoka kubafa kupita kumjigo, kubwera ndi madzi, kuthirira, kukhala pang'ono, kudzukanso. Ankathirira kasanu pa tsiku mpaka dothi linasanduka phala. Akapita kumsewu kukagula mchere ankabwerera panjira, poganiza kuti nkhuku zalowa. Timizu tikangoyamba kutuluka, toyera, tating'ono ngati ulusi, chala chake chinkafika n'kutidula. Ankadziuza kuti uku n'komaliza, mawa sakhudzanso, ndipo mawa lake ankapezeka wagwada pomwepo.

Mphukira zija zinayamba kuola m'munsi, chimodzichimodzi. Pa tsiku lachisanu ndi chitatu zinatsala zinayi. Pa tsiku lakhumi ndi chiwiri anakoka yomaliza, ndipo inangotuluka yokha, yakuda kumunsi, yonunkha. Teresa anaigwira m'manja nthawi yaitali. Mbewu imene inapirira minga ndi ludzu, imene amake ankaimwetsa iye asanamwe, sinaphedwe ndi chilala, kapena mbuzi, kapena Jessy Mumba. Anaipha yekha ndi chala chake. Anachita manyazi oti sanawamvepo, ndipo analira ngati maliro a amake achitikanso.

Kenako anachita chimene amadziwa. Anatulutsa chikwama n'kuyamba kupinda zovala.

Jessy anamupeza ali pa ntchito imeneyo. Anali atamva kwa oyandikana nawo, ndipo anabwera ndi kayendedwe kake kaja, n'kukhala pakhonde osadikira kupatsidwa mpando. Anayang'ana matumba opanda kanthu, anayang'ana chikwama.

"Manje muyenda kuti?"

"Kulikonse."

"Kulikonse kulibe chomoliya," anatero Jessy. "Imwe mwayenda maningi. Kulibe kumene munasiyako olo mtengo umodzi?"

"Nimazula nikamachoka."

"Konse?"

Teresa anasiya kupinda zovala. Panali malo amodzi amene sanazule. Tsiku limene ankachoka ku Kalindawalo anali wothamanga, komanso mitengo ija inali yobzalidwa ndi manja a amake, sakanatha kuigwira. Koma zimenezo zinali zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo. Ndani angathirire ndiwo ya mkazi wothawa zaka zonsezo? Ndipo ngakhale ikanakhalapo, akalowa bwanji pakhomo paja, ndi nkhope iti?

Teresa wapita malo ambiri, koma anali asanabwererepo kumene anachoka. Masiku atatu anazungulira mudzi ngati nkhuku yofuna poikira. Anapita kumsewu n'kubwerako. Anakwera njinga ya mnansi mpaka pamphambano n'kutembenuka. Tsiku lachinayi anatenga chitenje chakale, osati chikwama, n'kukwera minibasi ya ku Petauke. Panjira anafuna kutsika kawiri, koma anali atapanikizidwa pakati pa thumba la makala ndi mayi wina wonenepa, ndipo mwina zimenezo ndi zomwe zinamuthandiza. Kum'mawa mitambo inali itayamba kusonkhana. Ku Petauke anakwera njinga yamoto mpaka ku Kalindawalo, n'kuuza woyendetsa kuti amutsitsire patali, afike wapansi.

Mtengo wa mango unalipo, wokulirapo. Pansi pake panalibe munthu. Nyumba inali ya malata tsopano, ndipo pakhonde panakhala mayi wina wocheperapo msinkhu, akusenda m'lichero mtedza wa mbewu, umene kuno amati nshawa. Teresa anaodira. Mayiyo anamulandira, anamutulutsira kampando, anamulonjera mwaulemu. Teresa anayankha malonje ali chiimire, akusinthanitsa mapazi. Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuzala, n'kuika lichero pansi.

"Ndimwe a Teresa."

"Mwanidziwa bwanji?"

"Simunakhale pansi. Anali kukamba kuti simukhala pansi. Ine ndine Jennipher, mkazi wa a Nyendwa."

Teresa anayang'ana kuchitseko. "Alipo?"

"Anatisiya. Chaka chino chachiwili. Chifuwa, mwezi wa Juni."

Teresa anali atakonza mawu panjira yonse, opepesa pang'ono, odzitchinjiriza pang'ono, oti akanene kwa Edmond. Tsopano analibe wowauza. Anapinda chitenje chimene chinali m'manja mwake, ndipo anadabwa kuti zikumupweteka chonchi, munthu amene iye mwini anamusiya osatsanzika.

"Pepani," anatero. "Sininamve."

"Mukanamvela kuti? Sitinadziwe kokutumilani mau." Jennipher ananena zimenezi mopanda mbola. Anayang'ana chitenje chija. "Mwabwelela chomoliya."

Sanafunse, anangonena. Anadzuka, anakutumula makoko a nshawa pachitenje chake, n'kutsogola kanjira kopita kudambo. Teresa anakadziwa kanjirako ndi mapazi maso asanakazindikire. Anadutsa chulu, anadutsa chitsime chakale, ndipo atakhota pa nthochi anaona mzere wa mitengo yofika m'chiuno, masamba otakata, mitsempha yofiirira. Kunsi kwake kunali udzu wophimbira, woikidwa mosamala. Anagwira tsamba limodzi, analitembenuza, analinunkhiza. Anali yemweyo.

"Si ife tekha," anatero Jennipher, akuloza ndi chibwano. "Onani uko kwa a Daka. Onani kuseli kwa mpanda uja. Dambo lonse ili alipo. Kuno timamuitana kuti wa amai Luwiza. Aliyense wopempha, a Nyendwa anali kumuthyolela. Anali kukamba ati wanga akafa, nikatenga kwa imwe."

Teresa anayang'ana. M'madimba onse a m'mbali mwa dambo, apa mitengo itatu, apo khumi, chomoliya wa amake anali ataima m'dzuwa la chilala. Anthu oti sanawaonepo a Luwiza ankatchula dzina lawo akamathyola ndiwo.

"Nikuuzeni chilungamo, akulu anga," anapitiriza Jennipher. "Poyamba ninali kukwiya. Kutuma ine, mkazi watsopano, kukathilila ndiwo ya mkazi wina! Tinayambana kangapo. Ninawafunsa kuti kanshi mukali kumuyembekeza? Anati iyai, kwa ine sabwela, ivo nidziwa. Koma uja sapilila. Tsiku lina mbeu izamufela m'manja, ndipo afunika apeze pothyola." Anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. "Pamene anadwala ananikumbutsanso. Ndiye nathilila."

Teresa anakhala pansi pamzere, padothi, pakati pa mitengo ija. Zaka zonsezi ankadziona ngati mlonda yekhayo wa mbewu ya amake, akuzula ndi kubisa, pamene mlonda weniweni anali munthu uja wosema mpini, amene ankamuona ngati wogona. Edmond anamudziwa mpaka kudziwa tsiku limene adzalephere, ndipo m'malo momusungira mkwiyo anamusungira ndiwo. Teresa analira mokweza, osabisa nkhope. Jennipher anangowerama n'kuyamba kuthyola mphukira, akusankha zonenepa.

Anakhala ku Kalindawalo masiku awiri. Anaperekezedwa kumanda, anaona a amake ndi a Edmond, onse olambulidwa bwino. Tsiku lachitatu ananyowetsa chitenje, anakulungamo mphukira makumi atatu, n'kuchimangirira m'chiuno. Mvula yoyamba inawapeza m'minibasi atangodutsa Minga, ndipo fungo la dothi linalowa pamawindo anthu n'kuyamba kulankhula onse nthawi imodzi.

Atatsika ku Ndake sanapite kwake. Analunjika kwa Jessy, atanyowa yense, n'kumasula chitenje pakhonde.

"Itanani gulu," anatero. "Aliyense atenge kamodzi. Abzale kunyumba, osati kudimba chabe, kuti tsiku lozula tizizula vonse."

Jessy anayang'ana mphukira, anayang'ana Teresa, koma sananene kuti ndinakuuzani. Ndi mayi wanzeru. Anatuma uthenga, ndipo pofika madzulo anthu makumi awiri ndi awiri anali atadutsa pakhondepo, aliyense n'kuchoka ndi kamtengo kake atakagwira ngati dzira. Zinatsala zisanu ndi zitatu. Teresa anazizika yekha m'matumba kuseri kwa khitchini ya Jessy, anazithirira, anaziphimba ndi udzu, n'kudzuka.

"Izi ni zanga, koma zikhale kuno. Nikabwela kuti nione mizu, munipilikitse."

"Masiku angati?"

"Masabata awili."

"Muzakwanitsa?"

"Iyai," anatero Teresa.

Jessy anaseka mpaka thupi lonse kugwedezeka. Analowa m'nyumba n'kutuluka akukoka thumba la nshawa zosasenda, lodzaza mpaka kukamwa.

"Ndiye muzibwela m'mawa mulimonse. Mukhale apa, msana kumatumba. Manja yanu yafuna nchito."

Sizinali zophweka, tisanamizane. Tsiku lachiwiri anadzuka kasanu, Jessy n'kumangokhosomola, iye n'kukhalanso. Tsiku lachinayi anapita kumsewu, anaima pamene pamaima magalimoto, anaona awiri akudutsa, n'kubwerera ku nshawa zake. Nthaka itanyowa bwino anakabzala chimanga ndi maungu m'mabedi ake a pakona, ntchito ya tsiku lonse anaimaliza dzuwa lisanafike pamutu, ndipo masana anali pakhonde paja. Akamasenda ankaganiza za Edmond pansi pa mango, ndipo anayamba kumvetsa kuti kukhala pansi nayonso ndi ntchito, yolemera kuposa kunyamula makeni.

Masiku amenewo munthu wina wochokera ku Nyimba anabwera kudzafuna Teresa Zuze. Anafunsa mayi wina pamjigo, anafunsa bambo wina pachigayo, anafunsa wachitatu panjira, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikire Teresa ku Ndake onse atatu anayankha chimodzimodzi, kuti ali kwa amai Mumba, wakhala pakhonde.

Pa tsiku lachisanu ndi chinayi Jessy anachokera kuseri kwa khitchini akupukuta manja.

"Kamodzi katulutsa tsamba," anatero. "Kang'ono ngati chikhadabo. Mufuna kuona?"

Teresa anasiya kusenda. Mapazi ake anali atayamba kale kufunafuna patapata pansi pa mpando. Anawayang'ana, anaika manja onse awiri pansi pa ntchafu zake, n'kuwakhalira.

"Yatsala masiku yasanu," anatero. "Nipatseni nshawa zina."